Mafunso Anu: Pa geocoding, ndiike laibulale kapena ndingofunsa Google?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, nde ndangoti tiyeni tikhale pa yomweyo. Nkhani yake ndi geocoding. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, geocoding ndi kutenga adilesi yolembedwa ndi mawu nkuisandutsa manambala awiri, latitude ndi longitude, kuti malowo agwere pa kadontho pamapu. Mukatembenuza, kuyambira pa manambalawo nkumafunsa kuti kodi pano ndi pati, imeneyo amati reverse geocoding. Makalata ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo koma funso la munthu sindinalisinthe.

Funso: Achimwene, ine Python ndangoyamba chaka chino. Abwana andipatsa fayilo ya Excel muli maadilesi a makasitomala 8,000 akuti ndiwaike pamapu Lachisanu lisanafike. Mnzanga wina akuti ika geopy ndi yaulere, wina akuti usataye nthawi pita ku Google Maps ndiye yolondola. Ndasokonezeka, pakati pa geopy ndi Google yabwino ndi iti?
Wongoyamba kumene

Yankho: Mbale wanga, anzanu awiriwo akukangana koma sakukamba chinthu chimodzi ayi. geopy ndi laibulale ya Python, kutanthauza code yolembedwa kale imene mumaiika mu pulogalamu yanu, ndipo mkati mwake mulibe adilesi olo imodzi. Iyo ndi mthenga chabe. Inu mumaipatsa adilesi, iyo imathamanga nayo pa intaneti kukafunsa kwa amene ali ndi data, kaya ndi Nominatim, kaya HERE, ArcGIS, Photon kapena Google yomweyo, nkubwera ndi yankho. Mukazimitsa intaneti geopy singakuuzeni kalikonse za adilesi, chomwe imatha payokha ndi kuwerengera mtunda pakati pa madontho awiri amene muli nawo kale. Amene amagwiritsa ntchito R ali ndi tidygeocoder, nayonso ndi mthenga wa mtundu womwewo. Nde munthu akamati "geopy ndi yaulere" akunena zoona, koma ulerewo ndi wa mthengayo, uko akupita kukafunsako kuli malamulo ake ndipo pena kuli bilu yake.

Chimene chimasokoneza anthu nchakuti mawu oti laibulale timawaponya pa zinthu zosiyana. Pali amithenga ngati geopy. Palinso injini zathunthu monga Nominatim, Pelias ndi Photon, zimenezi mutha kuziika pa seva yanu pamodzi ndi data yake nkumayankha nokha osafunsa munthu wina. Ndiye pali libpostal, yolembedwa mu C, imene siipereka latitude kapena longitude nkomwe, ntchito yake ndi kuphwanya adilesi nkunena kuti apa ndi nambala ya nyumba, apa dzina la msewu, apa mzinda, apa postcode. Mbali inayo ndiye kuli makampani, Google, HERE, Mapbox, TomTom, Esri, amene data ndi injini zonse zili kwawo ndipo inu mumangolowa ndi API key, kiyi wachinsinsi amene amakupatsani kuti pulogalamu yanu izitha kuwafunsa. Funso loti mudzifunse si lakuti laibulale kapena kampani ayi. Funsani kuti data ya maadilesi ili kwa ndani, ndi yabwino bwanji ku malo amene makasitomala anu ali, ndipo yankho likabwera ndili ndi chilolezo chochita nalo chiyani.

Tsono za Lachisanu lanuzo. Musayambe zokhazikitsa seva, nthawi mulibe. Yambani ndi kuyeretsa fayiloyo, chifukwa m'mizere 8,000 yolembedwa ndi anthu osiyanasiyana mupeza adilesi imodzi yabwerezedwa kangapo, pena ndi zilembo zazikulu pena zazing'ono, pena munthu walemba nambala ya foni m'malo a msewu. Chotsani zobwerezazo, onjezani dzina la mzinda ndi dziko pa mzere uliwonse. Kenako tengani 100 okha muwayese pa ma service awiri, muone amene akukupezerani bwino, musanathire onse.

Ngati mwasankha seva ya Nominatim yotsegukira anthu onse pa intaneti, chonde lemekezani malamulo ake. Seva imeneyo ndi ya OpenStreetMap Foundation, bungwe loyang'anira OpenStreetMap, mapu otseguka ojambulidwa ndi anthu odzipereka, imayenda ndi zopereka za anthu, ndipo lamulo lake likuti funso limodzi pa sekondi osapitirira, muike dzina la pulogalamu yanu pa user agent kuti akudziweni, mufunse kuchokera pa kompyuta imodzi, ndipo yankho mukalandira musunge musamafunsenso chinthu chomwecho kawiri. Ntchito zazikulu zothira maadilesi ambiri iwo sazilimbikitsa, amangolekerera zing'onozing'ono za kamodzi. Pa liwiro limenelo 8,000 zitenga maola awiri ndi mphindi 13, sizambiri, ndipo geopy ili ndi RateLimiter yoti ikuthandizeni kudikira pakati pa mafunso. Amene amatsegula ma thread makumi awiri, kutanthauza kutumiza mafunso ambiri nthawi imodzi, kuti zithe msanga amabulokedwa, ndipo nkoyenera, chifukwa akudya za anthu onse. Koma musanatumize kalikonse werengani yankho langa kwa mayi a ku chipatala m'munsimu, likukukhudzaninso, awo ndi maadilesi a anthu.

Funso: Akulu, ife tili ndi app ya madelivale. Tinatenga ma coordinates onse ku Google Geocoding API nkusunga mu database yathu, ndipo timawaonetsa pamapu a OpenStreetMap kudzera mu laibulale ya Leaflet kuti bilu ichepe. Mnyamata amene tamulemba kumene ntchito akuti zimenezi nzoletsedwa. Zoona? Si tinalipira kale?
Mwini kakampani kakang'ono

Yankho: Bwana, mnyamatayo musungeni bwino, wawerenga pamene ambiri sawerenga. Chimene munalipira ndi mwayi wofunsa, data sinasanduke yanu. Malamulo a Google Maps Platform akhala akunena kuti latitude ndi longitude zochokera ku geocoding yawo mutha kuzisunga kwakanthawi kosapitirira masiku 30, ndipo chimene mutha kusunga mpaka kalekale ndi place ID, kanambala kawo kozindikirira malo, kamene mukafuna ma coordinates mumapita nako kukafunsanso. Komanso amakana kuti zotuluka kwawo muzionetse pamapu a wina. Ndiye inu mwaphatikiza zonse ziwiri. Malamulowa amasintha nthawi ndi nthawi ndipo pena amasiyana malinga ndi dera limene akaunti yanu inalembetsedwa, nde khalani pansi ndi mnyamatayo muwerenge amene akugwira ntchito lero pa akaunti yanu.

Musaganize kuti ndi Google yokha. Mapbox imasiyanitsa geocoding yakanthawi ndi yosunga, ndipo yosungayo ili ndi mgwirizano wake ndi mtengo wake. Ku Esri nakonso pofunsa mumayenera kunena ngati yankholo mukufuna kulisunga. Chifukwa chake nchomveka, makampaniwa amaononga ndalama zambiri kutolera ndi kugula data ya maadilesi, nde akalola aliyense kukopera nkusunga ndiye kuti mawa palibe adzabwerenso.

Apa mpamene data yotseguka imapambana, ndipo kwa ine ichi nchachikulu kuposa nkhani ya ulere. OpenStreetMap, imene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, yakhala pa laisensi ya ODbL kuyambira 2012. Yankho lochokera mmenemo mutha kulisunga, kulionetsa pamapu alionse, kulisindikiza mu lipoti, bola mulembe poonekera kuti data ndi ya OpenStreetMap contributors. Pali gawo la laisensiyo lonena kuti mukapanga database yatsopano kuchokera pa yawo nkuitulutsa kunja muigawenso momasuka, ndipo Foundation inalemba malangizo apadera a geocoding ofotokoza kuti kusunga mayankho a maadilesi anu pambali pa data yanu sikukukakamizani kutsegula data yanuyo, pokhapokha ngati mukukokolola dala kuti mumangenso database yawo. Ndipo ngati simukufuna za seva pali makampani monga OpenCage ndi Geocode Earth amene amagulitsa geocoding ya data yotseguka, mumalipira koma yankho mumasunga.

Ndionjezere chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense womanga bizinesi pa API ya wina azichikumbukira. Pakati pa chaka cha 2018 Google inasintha kalipiridwe ka mapu ake nkuyamba kufuna kuti API key iliyonse ikhale ndi akaunti yolipirira, ndipo mawebusayiti ambirimbiri anadzuka mapu awo atada, pali mawu oti "For development purposes only". Chaka chomwecho kumayambiriro kampani ya Mapzen, imene anthu ambiri ankadalira pa geocoding ya data yotseguka, inatseka ma service ake. Nde mbali zonse ziwiri zinagwedezeka. Kusiyana kwake nkwakuti injini ya Mapzen, Pelias, inali open source, moti sinafe nayo, anthu anapitiriza kuikonza mpaka lero ndipo amene anafuna anangoiika pa seva zawo. Inuyo chitani ichi, mu code yanu geocoding yonse idutse pa khomo limodzi, function imodzi, kuti tsiku losintha kampani musakagwetse nyumba yonse. Ndipo ma dalaivala anu akafika pakhomo pa kasitomala app itenge kadontho ka GPS pompo. Kadontho kameneko ndi kanu, simunakatenge kwa aliyense.

Funso: Ndatopa ndi ma limit. Ndikufuna kuika Nominatim pa seva yanga basi ndizifunsa mmene ndingafunire. Zimafuna chiyani, ndipo Nominatim, Pelias ndi Photon ndisankhe iti?
Wokonda Linux

Yankho: Zimatheka achimwene, ndipo anthu ambiri amachita, koma funso loyamba ndi lakuti mukufuna dziko lonse lapansi kapena dera limodzi. Nominatim imakhala pa database ya PostgreSQL ndi PostGIS, chowonjezera chake cha za mapu. Mukati muike dziko lonse lapansi, malangizo a eni ake amati RAM ikhale 128 GB kapena kuposa, disiki yosachepera 1 TB ndipo ikhale yothamanga ya NVMe, ndipo olo makina ali abwino kulowetsa datayo kumatenga masiku awiri ndi theka kapena kuposa. Koma ambiri safuna zonsezo. Kampani ya Geofabrik ya ku Karlsruhe imadula data ya OpenStreetMap dziko ndi dziko tsiku lililonse nkuika poti aliyense adawunilode, ndipo dziko limodzi laling'ono limalowa bwinobwino pa kompyuta wamba.

Kuika ndi kamodzi, kusamala ndi kwa masiku onse, apa mpamene anthu amagwa. Misewu yatsopano ikulowa mu OpenStreetMap mphindi iliyonse, nde mukapanda kukhazikitsa zoti seva izikoka zosinthazo, pakatha chaka mudzakhala mukuyankha ndi mapu akale osadziwa. Disiki idzadzaza, PostgreSQL idzafuna kukwezedwa, tsiku lina usiku seva idzagwa. Ngati muli nokha pa ntchitopo ndipo palibe wina wodziwa kuidzutsa, werengerani zimenezo ngati mtengo, chifukwa ndi mtengodi olo sufika ngati bilu. Ine ndimati seva yanu ndi yoyenera pamene mafunso anu ali ambirimbiri tsiku ndi tsiku, kapena pamene data siyenera kutuluka pakhomo, kapena pamene mukugwira ntchito kopanda intaneti yodalirika. Kwa munthu wofunsa mazana angapo pa sabata ndi katundu wolemera pachabe.

Pa kusankhako, zimatengera chimene mukumanga. Nominatim ndi yabwino munthu akalemba adilesi yonse nkudina, komanso pa reverse geocoding, koma sinapangidwire zija zoti ukamalemba zilembo zitatu mayina ayambe kutuluka okha, ndipo pa seva ya anthu onse ija autocomplete njoletsedwa kumene. Photon, yochokera ku kampani ya komoot ya ku Germany, inapangidwira zimenezo, imatenga data yokonzedwa ndi Nominatim nkuiika mu injini yofufuzira mawu, nde imapirira munthu akaphonya chilembo. Pelias ndiye imasakaniza magwero angapo, OpenStreetMap, OpenAddresses, Who's on First ndi GeoNames, nkuziika mu injini yofufuzira ya Elasticsearch, ndipo imagwiritsa ntchito libpostal pophwanya adilesi. Ili ndi zidutswa zambiri zoti muziyang'anira koma kumene OpenAddresses ili ndi data yochokera ku maboma imapeza manambala a nyumba amene mu OpenStreetMap mulibe.

Musaiwalenso kuona ngati boma la dziko limene maadilesi anu ali lili ndi geocoder yake. Census Bureau ya ku United States ili nayo yaulere, imalandira fayilo ya maadilesi mpaka 10,000 nthawi imodzi, koma ndi ya maadilesi a dziko lomwelo basi. France ili ndi Base Adresse Nationale yotseguka kwa aliyense. Kumene zoterezi zilipo yambirani pamenepo.

Funso: Achimwene thandizeni. Ndapanga geocode maadilesi onse, palibe error olo imodzi, koma nditatsegula mapu timadontho tina tili m'nyanja, tina tili dziko lina, ndipo tambiri taunjikana malo amodzi pakati pa tauni. Ndisinthe laibulale?
Wophunzira GIS

Yankho: Achemwali, musasinthe kanthu kaye, funso lanu ndi limene ndimafuna tikhalitsepo chifukwa vuto lalikulu la geocoding ndi limeneli. Geocoder siikonda kunena kuti sindikudziwa. Ikalephera kupeza nyumba imakupatsani msewu, ikalephera msewu imakupatsani pakati pa mzinda, ikalephera mzinda pena imakupatsani pakati pa dziko lonse, ndipo zonsezi zimabwera ngati manambala awiri ooneka bwinobwino okhala ndi ma decimal asanu ndi awiri. Timadontho tanu taunjikana pakati pa tauni tija ndi maadilesi amene sanapezeke. Ine zinandichitikirapo pa ntchito ina, mapu anaonetsa ngati makasitomala ambiri amakhala pa mphambano imodzi ndipo anthu anayamba kale kukambirana zotsegula nthambi pamenepo, kufikira titabwerera mu fayilo nkuona kuti mizere yonseyo ili ndi ma coordinates ofanana ndendende. Kuyambira pamenepo chinthu choyamba chimene ndimachita ndi kuwerenga kuti ndi mizere ingati ikugawana kadontho kamodzi.

Nde musamangotenga latitude ndi longitude nkutaya zotsalazo. Yankho limabwera ndi zizindikiro zokuuzani kuti lalondola mpaka pati. Google imalemba location_type, ndipo ROOFTOP ndiye kuti yapeza nyumba yeniyeniyo, RANGE_INTERPOLATED ndiye kuti yangoyerekeza, GEOMETRIC_CENTER ndi pakati pa msewu kapena dera, APPROXIMATE ndi chapafupi chabe. Imathanso kuika partial_match pamene yapeza mbali imodzi yokha ya zimene munalemba. Nominatim imakuuzani mtundu wa chinthu chimene yapeza, kaya ndi nyumba, msewu kapena mzinda, komanso bounding box, bokosi lozungulira chimene yapezacho, ndipo bokosilo likakhala la makilomita makumi dziwani kuti si nyumba imeneyo. Zimenezi ziikeni mu kolamu yakeyake mu tebulo lanu. Kuyerekeza kuja kumayenda chonchi, database imangodziwa kuti chigawo ichi cha msewu chikuyambira nambala 1 kukathera 99, nde mukafunsa 50 imakuikani pakatikati, olo nyumba zenizenizo zitaunjikana mbali imodzi. M'tauni yothinana kuphonya kwake nkochepa, koma pa msewu wautali wa kumidzi kutha kukhala kwakukulu ndithu.

Tija tapita dziko lina ndi nkhani ya mayina ofanana. Kuli Paris wa ku France ndi Paris wa ku Texas, London wa ku England ndi London wa ku Ontario. Mukapanda kunena dziko, injini imasankha malo amene ikuwaona kuti ngotchuka. Pafupifupi service iliyonse ili ndi polembapo code ya dziko kapena bokosi la dera limene mukufuna, ku Nominatim ndi countrycodes ndi viewbox. Gwiritsani ntchito zimenezo.

Za m'nyanjazo ndikukayikira zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi za mu code yanu osati za geocoder. Ngati timadonthoto tili pamalo amodzi kumadzulo kwa Africa mu Gulf of Guinea, ndiye kuti penapake yankho lopanda kanthu lasandulika 0 ndi 0, malo amene anthu a mapu anawapatsa dzina loti Null Island chifukwa cha kuchuluka kwa data imene imathera kumeneko. Ngati tamwazikana, mwatembenuza manambala. Ife polankhula timati latitude kenako longitude, Leaflet nayonso imafuna choncho, koma mafayilo a GeoJSON amayamba ndi longitude, chimodzimodzi ST_MakePoint ya PostGIS. Paris ali pa latitude 48.86 ndi longitude 2.35, mukatembenuza mumagwera mu Indian Ocean kum'mawa kwa gombe la Somalia. Kanthu kakang'ono koma kamadya anthu tsiku lathunthu.

Ma decimal ambiri asakunamizeni. Digiri imodzi ya latitude ndi pafupifupi makilomita 111, nde ma decimal atatu ndi mamita 111, asanu ndi mita imodzi ndi pang'ono. Opitirira pamenepo pa adilesi ya nyumba alibe tanthauzo.

Tsono funso loti ndani wolondola, injini ya data yotseguka kapena kampani, palibe angakuyankhireni ali patali, chifukwa zimasintha dera ndi dera. Kuli mizinda imene anthu a OpenStreetMap anajambula nyumba iliyonse ndi nambala yake, kulinso madera amene muli misewu yokha yopanda manambala. Makampani akuluakulu nthawi zambiri amapirira bwino adilesi yolembedwa mosokonekera ndipo amadziwa mayina a mabizinesi, koma nawonso ali ndi madera amene amangoyerekeza. Njira ndi imodzi, tengani maadilesi 100 kapena 200 amene mukudziwa malo ake enieni, osati osavuta okha, sakanizani a pakati pa tauni, a kunja, olembedwa bwino ndi olembedwa moipa. Atumizeni onse ku ma geocoder amene mukuwayerekeza, muwerengere mtunda kuchokera pa yankho kufika pa malo enieniwo, geopy yomwe ija ikuchitirani. Musangoona kuti ndani wayankha zambiri. Geocoder imene yayankha 70 molondola nkukhala chete pa 30 ndi yabwino kuposa imene yayankha onse 100 koma 30 yawaponya kutali osakuuzani, chifukwa yoyambayo mukudziwa pofunika kukonza.

Funso: Ndimagwira ntchito ya kafukufuku pa chipatala. Tikufuna kuona pamapu kumene odwala matenda ena ake akuchokera. Kodi ndingatumize maadilesi awo ku service ya pa intaneti? Mayina ndachotsa.
Mayi wa za umoyo

Yankho: Mayi, ntchito mukufuna kuchitayi ndi yakale ndipo ndi yolemekezeka. Mu 1854 dokotala John Snow anaika pamapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera ku Soho mu London, ndipo zinaoneka kuti zazungulira pampu ya madzi ya pa Broad Street. Koma yankho langa pa funso lanu ndi lakuti ayi, musatumize, pokhapokha chipatala chanu chili ndi mgwirizano wolembedwa ndi kampaniyo wonena za data ya odwala ndipo komiti yoona za kafukufuku yavomereza. Kuchotsa dzina sikokwanira. Adilesi ya nyumba imaloza banja limodzi, nde aliyense amene angaione pamodzi ndi dzina la pulojekiti yanu wadziwa kale kuti pakhomo paja pali wodwala. HTTPS imabisa uthenga kwa anthu a panjira koma amene mukumutumizirayo amauwerenga wonse, ndipo maseva amasunga ma log. Ngakhale malamulo a Nominatim ya anthu onse amapempha kuti musatumizeko data ya anthu kapena zachinsinsi. Ku European Union lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaika data ya umoyo m'gulu lotetezedwa mwapadera, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo awo ofanana nalo.

Apa ndiye injini ya pa kompyuta yanu ilibe mpikisano. Pemphani a IT akuikireni Nominatim kapena Pelias ya dera lanu lokha mkati mwa netiweki ya chipatala, adilesi isatuluke pakhomo. Chenjerani ndi geopy pa nkhani imeneyi, anthu ena amaganiza kuti popeza code ikuyenda pa laputopu yawo ndiye kuti zonse zikuthera pomwepo, pamene mzere uliwonse ukupita kunja.

Ndipo mukamaliza musasindikize mapu a timadontho ta nyumba. Munthu atha kutenga chithunzicho nkubwezera kadontho kalikonse pa nyumba yake ndi reverse geocoding yomwe ija. Sonkhanitsani manambala pa dera, ndipo dera limene lili ndi odwala ochepa kwambiri liphatikizeni ndi loyandikana nalo.

Funso: Nanga kumalo kumene misewu ilibe mayina ndipo nyumba zilibe manambala, geocoder iti ingathandize?
Wogwira ntchito za m'madera

Yankho: Palibe, bambo, kaya yaulere kaya yolipira. Geocoder imafufuza mu kaundula, nde chimene sichinalembedwe singachipeze, ingokupatsani pakati pa mudzi kapena tauni yapafupi. Ngakhale kumene maadilesi alipo samangidwa mofanana, ku Japan mwachitsanzo ambiri amatsata chigawo ndi buloko osati dzina la msewu, ndipo pulogalamu yolembedwa ndi maganizo oti paliponse pali nambala ndi msewu imasochera.

Kwa inu njira ndi kuyambira ku kadontho osati ku mawu. Wopita kumaloko atenge GPS pa foni ataima pakhomo, panja poyera foni imalondola mpaka mamita ochepa ndipo GPS siifuna bandulo. Mukafuna kuti kadonthoko kakhale kosavuta kulemba pa pepala kapena kutchula pa foni, pali Plus Codes, dzina lake lina Open Location Code, zimene Google inatulutsa ngati open source. Code ya zilembo ndi manambala khumi imaloza kabwalo ka pafupifupi mamita 14 mbali zonse, ndipo popeza ndi masamu chabe laibulale yake imagwira ntchito popanda intaneti, popanda key, popanda database. Geohash, ya 2008, ndi ya mtundu womwewo koma imakondedwa kwambiri mkati mwa ma database. what3words imagawa dziko m'timabwalo ta mamita atatu nkupatsa kalikonse mawu atatu, njosavuta kutchula, koma ndi ya kampani ndipo njira yake yosinthira mawu kukhala malo si yotseguka, nde ganizirani ngati mukufuna kaundula wanu wonse adalire pamenepo.

Ngati chimene mukufuna ndi kungodziwa kuti kadontho aka kali m'boma liti kapena pafupi ndi tauni iti, musavutike nkomwe ndi API. Dawunilodani malire a maderawo muyese nokha ndi PostGIS kapena pulogalamu ya mapu ya QGIS kuti kadontho kagwera mkati mwa dera liti, kapena tengani mndandanda wa matauni wa GeoNames mufufuze yapafupi. Mizere mamiliyoni imatha pa laputopu. Ndipo mukabwerako kumaderako, misewu, masukulu ndi milatho imene mwaona ilowetseni mu OpenStreetMap, akaunti ndi yaulere, ndipo pa Nominatim ya anthu onse ija zimayamba kupezeka pasanapite nthawi yaitali. Nyumba za anthu ndi mayina awo zokha musaikemo.